A Fainos ndi Moto wa M'ndowe

Inu amene mumakonda nkhani za anthu otukuka, mwazolowera kumva za munthu amene anayamba ndi kugulitsa tomato n'kumaliza ndi malole khumi. Uyu alibe lole. Koma khalani pansi mumve.

Tsiku limene a Fainos Nkhoma zinawaipira kotheratu anali pa benchi ya kiliniki ku Bindura, chipewa chili pabondo, akukalipiridwa ndi namwino wa msinkhu wa mwana wawo.

"Sekuru, ambuya awa akapitiriza kupuma utsi, muwataya," anatero namwinoyo, akusakaniza Chishona ndi Chichewa chotola kwa odwala. "Si TB, tayeza kawiri. Ndi utsi. Mapapo awo atopa."

A Alinesi, akazi awo a Fainos, eni ake mapapowo, anakhala pambali atakumbatira chikwama ngati akumva za munthu wina. Anafuna kutsutsa, koma chifuwa chinawatsogolera. Anatsokomola mpaka khanda la pamzere linasiya kulira n'kumawayang'ana.

Chinali chaka cha 2006. Mgodi wa golide kumene a Fainos analumikiza mapaipi pansi pa nthaka kwa zaka makumi awiri ndi zitatu unali utawapumitsa ntchito. Anachokako ndi kalata yothokoza, ovolosi, ndi sipanala imodzi imene mpaka lero amalumbira kuti anachita kupatsidwa. Magetsi ankabwera ngati mlamu wa ku Joni, mosayembekezeka komanso osakhalitsa. Chitofu cha m'nyumba chinasanduka poikapo maluwa apulasitiki. Komboni yonse ya Namba Foro inkaphikira panja, ndipo mapiri ozungulira tauni ankametedwa mpala tsiku ndi tsiku. Nkhuni zitayamba kusowa, anthu ankasonkhezera chilichonse: zitsononkho, utuchi, majumbo, nsapato zakutha.

Pobwerera kunyumba a Fainos analengeza chigamulo chawo.

"Mwamva, mayi a Jestina? Kuyambira lero ndiziphika ndine."

"Inu? Utsi wandilephera ndiye mundimalize ndi njala?"

"Ndiphunzira."

"Zapakhomo phikani. Nanga za maliro?"

Apa mpamene panagona nkhani. Onse awiri anabadwira ku Jumbo Mine, ana a anthu amene anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito. Mudzi wokaikidwako analibe. Mudzi wawo unali sosayite ya maliro, imene Akhristu ndi Asilamu a ku Namba Foro ankathandizana kuika akufa awo. Ndipo miphika isanu ikuluikulu ya sosayiteyo inkagona kwa a Alinesi. Munthu akatisiya, abusa kapena shehe asanamve, ankayamba kumva ndi iwo. Maliro alionse anali masiku awiri kapena atatu a kuwerama mu utsi.

"Amayi anu ndinawaphikira," anatero a Alinesi. "Achimwene anu ndinawaphikira. Lero ndikauze anthu kuti namwino wakana? Ndiye tsiku langa likadzafika adzandiphikira ndani?"

Tsiku limenelo ndi limene a Fainos sankafuna n'komwe kulimva.

Munthu akasowa pogwira amakumbuka zimene anaseka kale. Zaka zambiri m'mbuyomo, a Fainos anakagwirapo ganyu yokonza mpopi pasukulu ina ku Musana. Kumeneko mphunzitsi wa zaulimi anawawiritsira tiyi pa kamoto kobiriwira, kopanda utsi, kochokera m'dzenje la ndowe za ng'ombe. Tiyiyo anamwa chifukwa cha ulemu, ndipo njira yonse yobwerera anaseka. Tsopano anapopa njinga n'kupitanso. Mphunzitsi uja anali atapita ku Botswana, dzenje litadzaza zinyalala, koma mapaipi analipo. A Fainos anayeza zonse ndi chingwe, n'kujambula kuseri kwa kalata yothokoza ija, poti pepala lina loyera kunyumba kunalibe.

Anapeza migolo iwiri, mapaipi akale, ndi chubu cha thirakitala chimene mlamu wawo wa kumafamu a Matepatepa anawatumizira chili ndi zigamba zisanu ndi zinayi. Ndowe ankakatenga kuseri kwa msika, kumene bambo wina, dzina lake Sharifu, ankachinja ng'ombe zogulitsa nyama. M'mawa uliwonse wilibala inkadutsa pakati pa komboni, ntchentche zikuperekeza. Sabata isanathe dzina linapezeka: Manejala wa Ndowe. Azibambo a pabawo ankaimirira n'kuvula zipewa akamadutsa.

Ndondomeko yake inali yosavuta. Uthire ndowe ndi madzi mu mgolo, utseke bwinobwino, udikire masabata atatu. Mpweya ukatuluka udzaza chubu, ndipo mpweyawo umayaka.

Masabata atatu anatha. Chubu chinali chafwafwa ngati chikopa cha mbuzi.

Anakhuthula zonse, anayambiranso. Anapaka thovu la sopo pa mfundo iliyonse, monga ankachitira pansi pa mgodi pofufuza podontha. Panalibe podontha. Kachiwiri, chubu chafwafwa. Kachitatu anasintha ng'ombe, kunena kuti mwina za ku Musana zimadya bwino. Chimodzimodzi.

Miyezi isanu ndi umodzi inapita choncho. M'miyezi imeneyo a Alinesi anaphika pa maliro asanu ndi awiri. Akabwerako ankagona chokhala, atatsamira khoma, mpweya ukulira m'chifuwa ngati chitseko chosowa mafuta. A Fainos ankawafunditsa bulangete, n'kutuluka kukayang'ana chubu chawo, ngati kuti chingachite manyazi.

Tsiku lina tayala la wilibala linaphulika asanafike kumsika, ndipo anabwerera msanga. Anapeza akazi awo ataima pa mgolo, akuthira china chake kuchokera m'botolo.

"Mayi a Jestina, mukutani?"

"Ndikutsuka."

"Ndi chiyani?"

"Jiki. Ndi madzi ochapira."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba lomwe. Mukufuna amayi a kutchalitchi azinena kuti kwa Alinesi kumanunkha? Jiki ameneyu ndinamuimira mzere maola anayi, musamuone chonchi."

A Fainos anakhala pansi pa wilibala yophwa ija. Mphunzitsi wa ku Musana anali atawauza momveka kuti ntchito yonse imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka, timene timadya ndowe n'kumageya mpweya. Iwo sanauzeko akazi awo, chifukwa ankaona kuti za uinjiniya n'zolemera kufotokozera munthu amene sanalowepo mu mgodi. Kwa miyezi isanu ndi umodzi, iwo ankalemba antchito m'mawa, masana akazi awo n'kumawapha onse mwaukhondo.

Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka.

"Ndikufuna mukhale, mayi a Jestina," anatero pomaliza. "Basi. Fungo ndipirira. Nyumba ino popanda inu sindingaikwanitse."

A Alinesi anatseka botolo pang'onopang'ono.

"Mukanangonena choncho poyamba. Osati kumangozungulira ndi chingwe ngati bwana wa maseveya."

Anayambiranso, ulendo uno popanda Jiki. Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi, chubu chinatupa. A Alinesi ndi amene anachiona, ndipo anakuwa ngati aona njoka. A Fainos anatsegula kampopi, anakhwatchitsa machesi pa chitofu chimene anapanga ndi paipi yoboolaboola, ndipo kamoto kobiriwira kanaima phee, osagwedezeka.

Tiyi atapsa, a Alinesi sanamwe. Anatuma uthenga kwa Bibi Shahida, mayi ake a Sharifu, mnzawo wa pamiphika ya maliro kwa zaka makumi awiri. Bibi anafika, anazungulira mgolo kawiri atagwira mphuno ndi mpango.

"Ndowe zake n'za chiyani?"

"Za ng'ombe, Bibi. Za kwa mwana wanu."

"Za nkhumba mulibe?"

"Ngakhale imodzi."

Bibi ananunkhiza kapu, anapsontha, anapsonthanso.

"Shuga mwaumira," anatero. "Koma moto ulibe mlandu."

Ikanakhala nkhani ya m'kabuku ikanathera apa. Koma mgolo umodzi umawiritsa tiyi ndi kapoto ka ndiwo. Maliro amafuna miphika isanu. Pankafunika dzenje lalikulu la njerwa, pafupi ndi pochinjira ng'ombe, ndi shedi yophikiramo pambali pake. Malowo anali a khonsolo.

Khansala wa wodiyo, a Obert, anali atangobwera kumene ku msonkhano wa kusintha kwa nyengo ku Harare. Anabwerako ndi chikwama, chipewa, ndi chiganizo chimodzi chimene ankachinena pa ukwati ndi pa maliro pomwe: tauni yathu idzafika poti utsi umene ikutulutsa usamapose umene mitengo yake ingameze. Chiganizocho chinali chabwino ndithu. Chimene chinkasowa ndi mitengo.

A Fainos anavala jekete n'kupita. A Khansala anamvetsera, anagwedeza mutu, anapempha chitupa. Pachitupapo panali chilembo chimene ana a anthu a ku Malawi ambiri anali nacho, chonena kuti mwini wake ndi mlendo.

"Malo a khonsolo sitingalembe pa dzina la mlendo, sekuru."

"Ndinabadwira ku Jumbo, a Khansala. Pa njinga mumafika dzuwa lisanapendeke."

"Ine ndikudziwa. Koma pepala silidziwa."

A Fainos anapitako kakhumi ndi kamodzi. Mlonda wa pageti anafika powasungira mpando. Ulendo uliwonse ankauzidwa kuti nkhani yawo ili m'manja abwino, ndipo zinali zoona, manjawo anali osalala kwambiri.

Mu Julaye 2007 kunaitanidwa msonkhano wa anthu a m'wodi, m'kalasi ya pulayimale, akuluakulu atadzipinda pa madesiki a ana. Nkhani yaikulu inali fungo la kuseri kwa msika. Lole yotaya zinyalala inali itaima miyezi inayi chifukwa chosowa dizilo, ndipo ndowe ndi zam'mimba mwa ng'ombe zinali zitaunjikana mpaka kuyenderera mu ngalande. A Khansala analankhula mphindi makumi anayi za mlengalenga.

Atamaliza, a Alinesi anaimirira. Chibadwire anali asanalankhulepo pa msonkhano. Anadikira chifuwa kuti chimalize zake.

"A Khansala, pamusoroi, mundikhululukire. Lole yanu ilibe dizilo. Mwamuna wanga ali ndi wilibala, ndipo manyazi anamuthera kalekale."

Kalasi yonse inaseka, a Fainos nawo anaseka pang'ono, poti palibe china akanachita.

"Malowo musam'patse iye. Patsani sosayite ndi amayi ophika pamsika. M'sosayite muli nzika, muli alendo. Ife tidzachotsa uve wanu tsiku lililonse, inu mutibwereke pomanga. Nkhuni zimene sitidzawotcha, ndiyo mitengo yanu ija."

Mlembi wa khonsolo, mayi wachete amene anthu ankamuyesa wogona, anatsegula buku lake n'kunena kuti lamulo limalola kubwereketsa malo ku gulu la anthu okhala m'wodi, ngati gululo likugwira ntchito yothandiza onse. Anati avote pokweza manja. Wina anafunsa ngati a zitupa za alendo akuloledwa. Mlembi anati uno ndi msonkhano wa anthu amene akununkhidwa, ndipo fungo silinasankhe. Ena m'kalasimo, amene zitupa zawo zinkawaletsa kuvota pa zisankho, anakweza dzanja koyamba m'zaka zambiri. Bibi Shahida anakweza awiri.

Anasankha komiti ya anthu asanu ndi awiri, anayi mwa iwo amayi. Anagwirizana kuti masiku wamba amayi a pamsika aziphikira m'shedimo, tsiku la maliro sosayite izitsogola, ndipo zotsalira za m'dzenje zizipita ku nazale ya mitengo yokabzala m'phiri. A Khansala anatseka msonkhano ponena kuti zimenezi n'zimene iwo anali pafupi kunena.

Okumba sanasowe. Namba Foro inali yodzaza ndi amuna amene anakumbapo mamita mazana asanu ndi atatu pansi pa nthaka, ndipo dzenje la mamita atatu analikumba akukangana ngati akutsegula mgodi watsopano, aliyense ali kapitawo. Njerwa anazigumula pa khoma lakugwa la holo yakale ya mowa. A Khansala anadula riboni mpweya usanayambe, anakhwatchitsa machesi anayi, ndipo chithunzi chinajambulidwabe. Mpweya unabwera patatha masiku asanu ndi anayi, pali a Fainos ndi mbuzi ya eni ake.

Amayi a pamsika anasamukira m'shedi sabata yomweyo. Koma a Staford, tcheyamani wa sosayite, mkulu amene ankavala tayi ngakhale popita kukatunga madzi, anaika phazi pansi.

"Za pamsika phikirani kumeneko. Koma chakudya cha maliro chimaphikidwa pasiwa, pa nkhuni. Makolo athu anachoka ku Malawi opanda kanthu, mwambo wokhawu ndi umene ananyamula. Maliro opanda utsi, wodutsa adziwa bwanji kuti pano pagwa zovuta?"

Panalibe amene anatsutsa, chifukwa mawuwo sanali opusa. A Alinesi nawo anangoti zoona. Ndipo a Fainos, amene anakankha ndowe chaka ndi theka chifukwa cha maliro omwewo, anaona akazi awo akunyamulanso miphika kupita ku utsi, kawiri mu Novembala. Ulendo wachiwiri anachita kuwabweretsa pa njinga.

Mu Disembala mvula inagwa masiku atatu osapuma. M'kati mwa mvulayo munamwalira mayi wina wachikulire wa m'sosayite. Kunabwera lole ya anthu kuchokera ku Jumbo, ndi thirakitala yodzaza kuchokera ku Matepatepa. Nkhuni zimene zinapezeka zinali zaziwisi komanso zonyowa. Wina anaponyapo chidutswa cha tayala kuti zigwire, ndipo utsi wakuda unadzaza pansi pa lona, osapeza potulukira. Nthawi inafika masana alendo asanalawe ngakhale tiyi.

A Alinesi anamanga chitenje, anagwada m'matope kuti auzire.

Pa maliro amuna amakhala kwawo, amayi kwawo. A Fainos anadzuka pakati pa azibambo, anadutsa bwalo lonse anthu akuwayang'ana, n'kukagwada pambali pa akazi awo, jekete ili pathupi.

"Sunthani, mayi a Jestina. Ndiuzira ndine."

"Bambo a Jestina, mukundichititsa manyazi."

"Ndikudziwa. Sunthani."

Anauzira. Utsi unawalowa m'maso ndi m'mphuno, anatsokomola, anauziranso. Munthu wa imvi, mawondo ali m'madzi, phulusa lonyowa lili m'ndevu, moto osayaka. Panalibe amene anaseka. A Alinesi anawayang'ana nthawi yaitali, monga mmene iwo ankayang'anidwira zaka zonsezi osadziwa.

Kenako anaimirira, anasenza mphika waukulu.

"Atsikana, nyamulani miphika."

"Mukupita nayo kuti, amayi?" anafunsa a Staford.

"Kukaphikira alendo anu, a Tcheyamani. Utsi takusiyirani. Ulipo wokwanira kuti Bindura yense adziwe."

Bibi Shahida anasenza wachiwiri, ndipo ena onse anatsatira mumvulamo, mzere umodzi.

Pasanathe ola, tiyi anafika pasiwa pa mawilibala ofunditsidwa mapepala. Nyemba zinapsa dzuwa likadalipo, ngakhale dzuwalo palibe analiona. A Staford anadya mbale ziwiri mosasangalala, kenako anagamula kuti kuyambira tsopano pasiwa pazikhala chikuni chimodzi cha azibambo, kuti mwambo usafe, ndipo kuphika kuzichitikira kushedi, monga mmene iwo ankaganizira kuyambira kale.

A Fainos sanamve chigamulocho. Anali kushedi, ataima pa mpopi wa mpweya, ngakhale mpopiwo sunkafuna woimapo. Amayi anayamba nyimbo ya maliro, monga amachitira akamatakasa. Ndime yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu. Mpamene a Fainos anazindikira kuti mawu amene akutsogolerawo ndi a akazi awo, ndipo sanadukepo. A Alinesi anayimba mpaka ndime yomaliza, n'kukoka mawu otsiriza motalika, mthiko uli m'manja.

"Iwe Alinesi," anatero Bibi Shahida, "kodi unali ndi mawu?"

"Ndinali nawo. Amangosowa podutsa."

A Fainos anatembenukira kukhoma, n'kuyamba kumanga nati imene inali yomanga kale.

Mapapo a Alinesi sanabwerere utsikana, ndipo sindikunamizani kuti tauni yonse inasiya kufuka. Phiri likadali ndi dazi, kungoti m'munsi mwake mwayamba kumera timitengo tofika m'chiuno. A mawodi ena awiri anabwera kudzayeza dzenje lija kuti akakumbe kwawo. A Khansala anaitanidwa ku Harare kukafotokoza mmene anaganizira zonsezi. A Fainos sanaitanidwe, ndipo sabata imeneyo anali otanganidwa, poti akazi awo anawatuma kukasaka anyezi.

Tsono inu amene zanu zakanika kachitatu, ndipo anthu akupezerani kale dzina, dzifunseni kuti mukuchitira ndani. Ngati alipo munthu amene mukufuna kuti mawa adzadzuke, kusekedwa si matenda. Dzukani mukayesenso kachinayi. Zina zonse tayani ngati zalemera, koma mtima wokhawo ugwireni.